Chigayo cha tonse: mmene mungagwiritsire ntchito labotale ya mapuloteni pa kafukufuku wanu

Kumudzi banja lililonse siligula chigayo chakechake. Chigayo chimakhala chimodzi pamsika, anthu amandandalika matumba awo pamzere, ndipo pamakhala wachigayo amene akangomva kulira kwa injini amadziwa kuti sefa yabooka. Makina oyezera mapuloteni nawonso ali choncho. Mass spectrometer yamphamvu imatha kugulidwa madola a ku America 500,000, ina kupitirira 1 miliyoni, ndipo ikafika imafuna magetsi osazimazima, chipinda chozizira bwino, mpweya wa nitrogen ndi munthu woisamalira tsiku ndi tsiku. Dipatimenti imodzi singazikwanitse. N'chifukwa chake mayunivesite amaika makina oterewa pamalo amodzi, pamene amapatcha core facility, kuti a zachipatala, a zaulimi, a zakudya ndi a ziweto azisinthana. Ku Stellenbosch University kuli Central Analytical Facilities, ku University of Liverpool kuli Centre for Proteome Research, ndipo ku University of Cape Town makina oterewa ali ku Institute of Infectious Disease and Molecular Medicine.

Malangizowa ndalembera inu amene mukuchita masitazi kapena PhD, kaya ku KUHeS, ku LUANAR, ku MUST, ku UNIMA kapena kunja, amene mwauzidwa kuti masampulo anu akayezedwe kumalo otere. Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: ntchito zambiri za mapuloteni zimawonongeka sampulo isanafike n'komwe pamakina, ndipo wolakwitsayo saluza yekha. Chimanga cha miyala chikabowola sefa, onse amene ali pamzere amabwerera ndi matumba awo.

Gawo 1: Lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi

Mawu akuti "ndikufuna kuyeza mapuloteni" sali funso. Mafunso alipo atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi njira yake komanso mtengo wake.

Ngati mukungofuna kudziwa kuchuluka kwa mapuloteni onse mu soya, mtedza kapena ufa wa phala la ana, simukufunika mass spectrometer. Njira ya Kjeldahl, imene inayamba mu 1883, imayeza nitrogen, kenako mumachulukitsa ndi 6.25, ndipo labotale ya zakudya kapena ya dothi ingakuthandizeni pafupi. Ingodziwani kuti njirayi imawerenga nitrogen yense, kaya wachokera kuti. Mu 2008 ku China anthu ankathira melamine mu mkaka kuti uoneke ngati uli ndi mapuloteni ambiri, ana ambirimbiri anadwala impso, ena anamwalira.

Ngati mukufuna kudziwa ngati puloteni imodzi imene mukuidziwa kale ilimo kapena ayi, ELISA kapena Western blot, njira zofufuzira puloteni imodzi yokha, ndi yokwanira. Kachipangizo koyezera malungo kuchipatala, kamene kamagwira puloteni ya HRP2 ya Plasmodium falciparum, kamachita ntchito ya mtundu womwewu.

Koma ngati funso lanu ndi lakuti, ndi mapuloteni ati, mwa zikwizikwi, amene amasintha m'masamba a chimanga chikakumana ndi ng'amba, kapena m'magazi a mwana amene malungo amukwera kumutu poyerekeza ndi mwana amene akudwala malungo wamba, pamenepo ndiye mukufunika labotale ya tonse ija.

Gawo 2: Lankhulani nawo musanatenge sampulo ngakhale imodzi

Apa ndipo ndichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Wophunzira amatha miyezi 6 akutolera magazi kapena masamba, kenako n'kulembera labotale kuti masampulo akonzeka. Akamufunsa kuti munasungunulira m'chiyani, amapeza kuti mankhwala amene anagwiritsa ntchito sangalowe m'makina. Safunsa anadya phula.

Alembereni imelo yaifupi yopempha kukumana, ngakhale pa Zoom. Muikemo funso lanu, chamoyo chimene mukufufuza ndi dzina lake la sayansi, mtundu wa sampulo, magulu amene mukuyerekeza, ndiponso ngati muli tizilombo toopsa monga HIV kapena TB. Mfundo yomalizayi musabise. Malabotale ambiri salandira sampulo imene tizilombo take sitinaphedwe, ndipo amene adzatsegule kachubu kanu ndi munthu wa banja lake.

Mukakumana, funsani izi ndipo mayankho muwalembe m'kope: kuchuluka kwa mapuloteni amene akufuna pa sampulo imodzi, buffer (madzi a mankhwala osungunuliramo mapuloteni) imene amalola ndi imene amakana, amene adzadule mapuloteni ndi trypsin (mankhwala owadula m'tizidutswa) ngati ndinu kapena iwo, utali wa mzere wa odikira, ndi zimene mtengo wawo ukuphatikiza. Malo ena amangokupatsani mafayilo ochokera pamakina, kusanthula n'kukhala kwa inu. Ambiri amapempha ma microgram 20 mpaka 100 pa sampulo, ngakhale kuti cholowa m'makina nthawi imodzi nthawi zambiri sichipitirira microgram 1.

Pomwepo mugwirizanenso za chiwerengero cha masampulo. Gulu lililonse likhale ndi masampulo osachepera 3, ndipo 4 kapena 5 ndi bwino koposa. Koma mumvetse: akhale ochokera kwa anthu, mbewu kapena mbewa zosiyana. Kugawa magazi a munthu mmodzi m'machubu 3 sikupanga anthu atatu, kumangoonetsa kuti dzanja lanu silinjenjemera pogwira pipette. Pa kafukufuku wa anthu, amene amasiyana msinkhu, zakudya ndi matenda ena, chiwerengerochi chimafunika kukwera kwambiri, ndiye mutenge katswiri wa masamu a kafukufuku kuti akhale nawo pa zokambiranazo. Ndalama zikachepa, chepetsani magulu, osati masampulo a m'gulu. Kuyerekeza zinthu 2 molimba kumaposa kuyerekeza zinthu 6 mongolambalala.

Gawo 3: Zilolezo ndi ndalama

Sampulo ya munthu siituluka m'dziko popanda chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali. Ku Malawi ndi COMREC kapena NHSRC, ndipo fomu imene wodwala anasaina iyenera kunena poyera kuti magazi ake angatumizidwe kunja. Pamafunikanso pangano la pakati pa mayunivesite awiriwo, lotchedwa Material Transfer Agreement, lonena chimene chikutumizidwa, chimene chidzachitidwe nacho, ndi kumene zotsala zidzapite. Za zomera ndi tizilombo zimagwa pansi pa pangano la Nagoya la 2010, limene Malawi analowamo, ndipo pamafunikanso zikalata za umoyo wa mbewu. Dziko lolandira nalonso limafuna chilolezo chake cholowetsera. Mapepalawa amatenga miyezi, choncho ayambeni tsiku lomwe mwagwirizana ndi labotale.

Pemphani mtengo wolembedwa, muuike mu bajeti limodzi ndi ndalama zotumizira, ndipo musiye kangachepe kobwerezera masampulo amene angakanike.

Gawo 4: Kutenga ndi kusunga

Mapuloteni amayamba kuwonongeka sampulo ikangochoka m'thupi kapena pamtengo, chifukwa m'maselo momwemo muli ma enzyme amene amawadula. Mdani wa ma enzyme amenewa ndi kuzizira ndi changu. Gwirani ntchito pa ayezi. Masamba ndi minofu ziumitseni msanga mu liquid nitrogen ngati ilipo. Magazi azunguzeni pa centrifuge mu nthawi yofanana kwa onse, ndipo plasma imene yafiira chifukwa maselo ofiira aphulika muilembe chizindikiro, popeza haemoglobin idzadzaza zotsatira.

Lamulo lalikulu ndi lakuti magulu onse muwachitire chimodzimodzi. Mukatenga masampulo a odwala m'chipatala m'mawa n'kuwaika mufiriji pasanathe ola, koma a anthu abwinobwino n'kuwatenga kumudzi masana n'kuyenda nawo maola 5 pagalimoto, makina adzapeza kusiyana ndithu. Kusiyanako kudzakhala kwa msewu, osati kwa matenda. N'chimodzimodzi kukonza gulu lina Lolemba, lina Lachinayi. Sakanizani magulu tsiku lililonse.

Gawani sampulo iliyonse m'timachubu 3 kapena 4 musanaike mufiriji ya madigiri -80, kuti musamasungunule n'kuumitsanso chinthu chomwecho. Timachubu tina mukasunge mufiriji ina, m'nyumba ina, ndipo mufunse ngati firijiyo ili pa jenereta. Magetsi akazima Loweruka usiku, Lolemba mumapeza ntchito ya chaka chonse itasungunuka. Lembani pa kachubu ndi cholembera chosafufutika ndi spirit, nambala yaifupi yokha, osati dzina la wodwala.

Gawo 5: Ukhondo, chifukwa pamzere simuli nokha

Makina awa samasiyanitsa puloteni ya sampulo ndi ya inuyo. Keratin, puloteni ya pakhungu, ya m'tsitsi ndi ya m'fumbi, ndiye mlendo wosaitanidwa amene amapezeka pafupifupi m'zotsatira zonse, ndipo akachuluka amaphimba mapuloteni ochepa amene mukuwasakawo. Valani magolovesi opanda ufa, muziwasintha mukagwira foni kapena chitseko. Mangani tsitsi, valani gauni ya labotale, ndipo juzi ya ubweya wa nkhosa isiyeni pakhomo, chifukwa keratin wa nkhosa amatulukanso m'zotsatira.

Choopsa koposa ndi sopo ndi zofanana naye. Triton X-100, NP-40, Tween ndi PEG, amenenso amapezeka m'mafuta odzola ndi m'sopo wotsukira mbale, zimamatirira mu column, kapaipi kopyapyala ka makina kamene kamalekanitsa tizidutswa ta mapuloteni. Woyendetsa makina amazizindikira ndi mizere yotalikirana ndi 44 pa sikirini, ndipo akaziona amadziwa kuti mwina pafunika kutsuka masiku angapo kapena kutaya column yodula. Masiku amenewo ndi a wophunzira wina amene akuthamangira tsiku lopereka thesis yake. SDS, sopo wina wa mu labotale, imasungunula bwino mapuloteni koma iyenera kuchotsedwa isanafike pamakina, ndipo labotale idzakuuzani njira imene imakonda. Njira ina yodziwika ndi kuthira acetone wozizira wochuluka ka 4 kuposa sampulo, n'kusiya pa madigiri -20 mpaka mapuloteni atadikha pansi. Botolo limene linatsukidwapo ndi sopo musaligwiritse ntchito. Tengani machubu atsopano ndi madzi oyeretsedwa a labotale.

Ngati mwalakwitsa n'kuthira chinthu choletsedwa, nenani. Sampulo yodziwika vuto lake imatsukika. Yobisidwa ndi imene imawononga makina.

Gawo 6: Yezani kuchuluka, kenako onani pa gel

Musanatumize, dziwani kuchuluka kwa mapuloteni mu sampulo iliyonse. Njira ya Bradford, ya mu 1976, imasintha mtundu kukhala wabuluu ndipo imawerengedwa pa 595 nm. Ndi yachangu koma imasokonezeka ndi SDS. Njira ya BCA imawerengedwa pa 562 nm, imapirira SDS koma imasokonezeka ndi DTT, mankhwala omasula mapuloteni. Choncho buffer yanu ndi imene isankhe njira. Konzani muyezo wa BSA, puloteni ya m'magazi a ng'ombe yoyerekezera nayo, mu buffer yomweyo imene muli masampulo, tsiku lomwelo.

Kenako thirani ma microgram 10 a sampulo iliyonse pa gel ya SDS-PAGE, njira yolekanitsa mapuloteni potengera kukula kwake imene Ulrich Laemmli anaikonza mu 1970, n'kuidaya ndi Coomassie. Gel imodzi yotchipa imakuuzani zambiri. Mizere yooneka bwino kuyambira pamwamba mpaka pansi ndiye kuti zili bwino. Zonse zikaunjikana pansi ngati matope, mapuloteni aduka kale. Mizere ya sampulo ina ikakhala yakuda kuposa ya zinzake, muyezo wanu unalakwika. Mudzaonanso puloteni imene yachuluka mopitirira: m'plasma ndi albumin, cha pa 66 kDa (muyezo wa kulemera kwa puloteni), imene imapanga theka kapena kuposerapo la mapuloteni onse, pamene m'masamba ndi Rubisco, cha pa 55 kDa. Jambulani gel imeneyi muwatumizire a labotale, aone okha ngati pakufunika kuchepetsa mapuloteni ochulukawo. Ngati mukuumba gel nokha, samalani ndi acrylamide wamadzi, amawononga mitsempha akalowa pakhungu.

Gawo 7: Kutumiza

Masampulo oundana amayenda pa dry ice, amene kuzizira kwake ndi madigiri -78.5 ndipo amasanduka mpweya pang'onopang'ono. Bokosi lisatsekedwe mothina mpweya, lingaphulike. Pandege limalembedwa UN1845, ndipo masampulo ambiri a odwala amalembedwa UN3373 n'kukutidwa katatu: kachubu, chotengera chosadontha chokhala ndi choyamwa madzi, ndi bokosi lakunja. Ikani dry ice wokwanira masiku owonjezera, chifukwa katundu amatha kugona pa kasitomu. Tumizani Lolemba kapena Lachiwiri, mutaona kaye masiku a tchuthi a dziko lolandira, ndipo wolandira adziwe nambala ya katunduyo. Musatumize zonse zimene muli nazo, theka litsale.

Funsaninso ngati angalandire sampulo youma. Tizidutswa ta gel, mapuloteni odikhitsidwa ndi acetone, kapena ma peptide (tizidutswa ta mapuloteni odulidwa kale) oumitsidwa zimapirira ulendo kuposa madzi oundana, ndipo mtengo wotumizira umatsika kwambiri. Kwa ife otumiza kuchokera kutali, funso limeneli lokha likhoza kupulumutsa bajeti.

Gawo 8: Dziwani zimene zikuchitika kumeneko

Simudzaloledwa kugwira makina tsiku loyamba, koma muyenera kumvetsa ulendo wa sampulo yanu, chifukwa pa mayeso adzafunsa inuyo. Mapuloteni amamasulidwa ndi DTT, kenako amathiridwa iodoacetamide mumdima kuti asamangikenso. Trypsin amawadula pambuyo pa lysine ndi arginine (tiwiri mwa timagawo timene timapanga puloteni), kawirikawiri usiku wonse pa madigiri 37. Tizidutswa totsalato, ma peptide, timadutsa mu column pa ola limodzi kapena awiri n'kumatuluka motsatizana, kenako timawazidwa ngati nkhungu yokhala ndi mphamvu ya magetsi. Njira yowazayi, electrospray, ndi imene inapatsa John Fenn mphoto ya Nobel mu 2002, limodzi ndi Koichi Tanaka ndi Kurt Wüthrich. Makina amayeza kulemera kwa kachidutswa kalikonse, n'kukaswanso, n'kuyeza zoswekazo.

Pemphani kuti masampulo alowe mosakaniza magulu, ndipo mufunse zotsatira za sampulo yoyesera makina imene amaika pakatipakati. Ngati mpata ulipo wopita kukakhala nawo sabata imodzi kapena ziwiri, pitani. Zimene mungaphunzire poima pambali pa tekinishani simudzazipeza m'pepala lililonse.

Gawo 9: Kuwerenga zotsatira

Makina satchula dzina la puloteni. Kompyuta ndi imene imayerekeza zoyezedwazo ndi mndandanda wa mapuloteni odziwika, kawirikawiri wa UniProt. Chimene mulibe mumndandanda sichingapezeke. Wofufuza munthu, mbewa kapena soya ali ndi mwayi, koma wofufuza nzama kapena therere lakutchire angafunike kubwereka mndandanda wa mbewu yapachibale, ndipo mayina otulukawo ayenera kuwatenga mosamala. Magazi a wodwala malungo amafuna mndandanda wa munthu ndi wa kachilombo pamodzi.

Mukalandira tebulo, chotsani kaye mizere yolembedwa kuti contaminant (zodetsa monga keratin) ndi reverse (mayina abodza oyesera kompyuta). Malire amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi FDR (mlingo wa zotsatira zolakwika) ya 1 peresenti, kutanthauza kuti pa mapuloteni 3,000, pafupifupi 30 akhoza kukhala olakwika, ndipo simukudziwa kuti ndi ati. Puloteni yodziwika ndi peptide imodzi yokha musamangepo mutu wonse wa thesis. Malo opanda nambala satanthauza kuti puloteniyo mulibe, mwina inangochepa moti makina sanaione ulendo umenewo. Ndipo poyerekeza mapuloteni zikwi nthawi imodzi, ena amaoneka osiyana mwangozi chabe, choncho p-value, nambala yothandiza kuona ngati kusiyanako n'kwangozi, iyenera kukonzedwa.

Chenjeraninso ndi Excel. Imasandutsa mayina a ma gene ngati SEPT2 ndi MARCH1 kukhala masiku a pakalendala, vuto limene linakula mpaka mu 2020 komiti yopereka mayinawa inawasintha kukhala SEPTIN2 ndi MARCHF1. Matebulo ochokera ku mindandanda yakale akadali ndi mayina akalewo.

Sankhani mapuloteni 2 kapena 3 amene akukhudza funso lanu mwachindunji, muwatsimikizire ndi njira ina, monga Western blot kapena ELISA, pa masampulo atsopano ngati n'kotheka. Apa ndi pamene theka lija munasunga limagwira ntchito.

Kwa aphunzitsi

Zimandipweteka kuona wophunzira akumaliza digiri ya sayansi ataloweza mawu akuti mass spectrometry koma asanaonepo ngakhale fayilo imodzi yochokera pamakinawo. Kusowa kwa makina si chifukwa chokwanira. Nkhokwe ya PRIDE, imene imasungidwa ndi EMBL-EBI ku Hinxton, ili ndi mafayilo a kafukufuku weniweni amene aliyense angatsitse pa intaneti kwaulere, kuphatikizapo a malungo ndi TB. MaxQuant ndi Skyline ndi mapulogalamu aulere. Kalasi ikhoza kuyeza mkaka, choyera cha dzira ndi soya ndi njira ya Bradford sabata yoyamba, kuthira pa gel sabata yachiwiri, kenako sabata yachitatu n'kusanthula fayilo imodzi pa kompyuta. Mafayilowa ndi akuluakulu, ndiye tsitsani nokha pasadakhale muwagawire pa fulashi. Ogwira ntchito m'malabotale a tonse nthawi zambiri amavomera kulankhula ndi kalasi kwa ola limodzi pa vidiyo, akuonetsa makina ali mkati mogwira ntchito. Apempheni.

Gawo 10: Tsekani ntchito bwino

Pemphani mafayilo oyambirira ochokera pamakina, osati tebulo lokha, muwasunge malo awiri. Magazini ambiri a sayansi amafuna kuti muwaike pa PRIDE kapena nkhokwe ina ya ProteomeXchange, kumene mumapatsidwa nambala yoyamba ndi PXD yoti muilembe m'pepala lanu. Ndime yofotokoza njira imene inagwiritsidwa ntchito musalembe mongoganizira. Apempheni alembe okha dzina la makina, column, nthawi ndi mndandanda umene anagwiritsa ntchito, ndipo muwaonetse pepala lisanatumizidwe.

Tchulani labotaleyo ndi dzina lake lonse m'gawo lothokoza, mu thesis ndi m'pepala lomwe, kenako muwatumizire likatuluka. Iwo amasonkhanitsa mapepala amenewa n'kukaonetsa akuluakulu a yunivesite ndi opereka ndalama popempha zokonzetsera makina ndi malipiro a matekinishani. Amene anakuthandizani kukonza kafukufuku kapena kumasulira zotsatira wachita ntchito ya nzeru, ndipo dzina lake liyenera kukhala pakati pa olemba, ngakhale munalipira. Nkhani imeneyi ikambidwe pa kukumana koyamba kuja, supavaiza wanu ali pomwepo, ndipo zimene mwagwirizana muzitumize pa imelo tsiku lomwelo.